Nsungwi ya pa Denga Langa

Mlongoti wanga ndi nsungwi.
Ndinaigula kwa mnyamata wotsika nazo kuphiri,
ndinaimanga ndi waya pa denga la shopu yometera
kuno ku Chinamwali.
Nkhungu ikakuta Zomba, chithunzi chimachita mchenga,
anthu amayenda ngati mizukwa mumvula.
Apo ndimatuma Sigele.
Amakapotokola nsungwi pang'onopang'ono,
ine pawindo ndi dzanja: uko, bwerera, basi pomwepo.
Kukuwa n'kutaya mawu. Mwana wanga samva.

Kubala ya Che Ndembo kuli dishi.
Mpira wa kutsidya kwa nyanja, nyumba zobaya mitambo,
zokoma zonse, sindikana.
Koma zaka zonse ndaonera kumeneko
sindinaonepo munthu atasenza dengu la masuku,
kapena wotchula Thondwe lilime osapindika.

Yathuyi ndi yaumphawi.
Wowerenga nkhani ali ndi jekete limodzi, timalidziwa mabatani.
Mawu nthawi zina amafika milomo itatseka kale.
Koma tsiku lina ndikumeta Mpeketula
anadzambatuka, mutu uli theka:
"Iwe! Si mlatho wathu uwo?"
Unalidi womwewo, wamatabwa,
umene Likangala anauthyola mwendo,
ana akuwoloka m'madzi, makope ali pamutu.
Sindinena kuti kanema ndiye anagula simenti.
Ndingoti kuyambira tsikulo tinaukamba mokweza,
ndipo amene ankati sakudziwa
anasowa pobisa nkhope.

Lachitatu masana sindimeta.
Aphunzitsi a Namagowa amabwera ndi Sitandade 8,
sukulu yawo ilibe magetsi.
Ana makumi atatu pa benchi la anthu asanu,
ena pakhomo, ena pansi patsitsi losasesa.
Pagalasi mayi wina akufinyira ndimu mu soda,
thovu likukwera, likusefukira,
ana onse pamodzi: "Iiii!"
"Zimenezi ndinkangoloza m'buku," amatero aphunzitsi.
Magetsi akathima pakati
amapuma kamodzi mwamphamvu
n'kumalizira phunziro ndi choko pachitseko changa.
Chitsekocho sindichipukuta.
Makasitomala ena aphunzirapo kugawa.

Wakabaza amaima panja, phazi limodzi pansi,
kudikira amve ngati msewu wa ku Jali ukupitika.
Mayi wa matemba a ku Kachulu
amafuna kuona Chilwa wabwerera pati chaka chino.
Salipira. Ndingawalipiritse bwanji
poti nkhaniyo ndi yawo?

Koma chimene ndimasungira nsungwi ndi ichi.
Pakona ya galasi pali kabokosi,
kukula kwake ngati ka machesi,
momwe mtsikana amalankhula ndi manja.
Zaka khumi ndi ziwiri dziko linkamufika Sigele kudzera mwa ine,
lodulidwadulidwa,
ndikatopa ndinkangoti: palibe, kagone.
Tsopano amakhala kutsogolo, mphuno pafupi kugunda galasi,
zala zake zikutsatira zala za mnzake.

Usiku wina ndikusesa, ndapereka msana,
anandikoka shati.
Analoza phewa lake, anabaya ndi chala,
analoza mng'ono wake ali kumsana kwa mayi,
kenako mawa, m'mawa, ku Matawale.
Katemera.
Ine wa makutu awiri sindinamve kanthu.
Ndinaima ndi tsache m'manja
mwana wosamva akundiuza nkhani.
Mayi ake anatembenukira kukhoma,
akuti utsi wa mbaula.

Che Ndembo akuti ndigule dishi, anthu adzadzaza.
Mwina akunena zoona.
Nsungwi nayo yayamba kufumbwa,
mphepo ya Juni imaigwedeza ngati dzino.
Loweruka ndikadikira mnyamata uja pamsewu wotsika kuphiri.
Ndikasankha yaitali kuposa iyi.
Sigele wati akufuna akasankhe yekha.